Nsambo Khumi ndi Khutu Limodzi

Chaka chimene ndinayamba kuyenda sindichikumbukanso, koma kulemera kwa bokosi lija ndimakumvabe m'phewa mpaka lero. Linali lakuda, lalitali, ndipo makondakitala ankandiyang'ana kawiri asanalikweze padenga la basi. M'katimo munkagona gitala imene anthu ambiri anali asanaionepo. Sinali yokolekera pachifuwa ayi. Inkaima yokha pamiyendo inayi ngati tebulo, nsambo zake khumi zitayang'ana kumwamba. Pansi pake panali zopondera zitatu zonga mapedulo a njinga, ndi timikono tokankha ndi mawondo. Woimba amakhala pampando n'kumayendetsa kachitsulo pamwamba pa nsambo. Akaponda chopondera, nsambo zina zimakwera mawu, zina n'kutsika, gitala n'kumalira ngati munthu wofuna kunena chinthu koma akuopa.

Mwini wake anali a Jelevaziyo, nkhalamba imene inabwera nayo kuchokera kumigodi. Anandipeza pamsika m'tauni ina ya njanji, nditagoneka gitala wamba pamiyendo, ndikuimba hauyani poyendetsa kabotolo ka mankhwala pansambo. Anaima nthawi yaitali atatsamira ndodo.

"Dzanja uli nalo," anatero. "Khutu ndiye sindikudziwa. Ubwere mawa kuseri kwa siteshoni."

Miyezi ingapo sanandilole kuimba nyimbo ndi imodzi yomwe. Ntchito yanga inali kuchuna nsambo basi.

"Usamamvere nsambo imodzi, mwanawe," ankatero. "Nsambo ikakhala yokha sinama, komanso sinena zoona. Khwatcha ziwiri. Wamva kunjenjemerako? Zikukangana zimenezo. Potoza chikhomo pang'onopang'ono mpaka mkangano uthe."

Ndinkapotoza, kunjenjemera kuja n'kumachepa, wawawa, wa, wa, mpaka zii. Anandiphunzitsanso kuti pali nsambo zina zimene siziyenera kukhala pamalo pamene mabuku amanena. Zimafunika kutsika pang'ono kwambiri, ngati munthu wogwada pofika pakhomo pa apongozi, kuti zinzake zimveke bwino. Ukatha nsambo khumizo, chopondera chilichonse chinali ndi timasikuluu take tochuna, timikono ta mawondo natonso chimodzimodzi. Ndikafulumira ankandimenya padzanja ndi chipewa.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero.

Anamwalira nyengo yozizira. Mlongo wawo anandiuza kuti ndichotse chinthucho m'nyumba, chifukwa mphepo ikalowa pazenera chinkang'ung'udza chokha.

Nangondo ndinakumana naye kumapiri a tiyi, pamsonkhano wa mpingo. Ankaimba. Mawu ake ankatera pa gitala yanga ngati namzeze pawaya wa magetsi, osagwedeza kanthu. Tinakwatirana, n'kuyamba kuyenda limodzi. Tinkaimba pamaukwati, pamisonkhano ya chitsitsimutso, paziwonetsero za ulimi. Anthu ankabwera kudzaona tebulo lolira, koma pochoka ankanena za mawu a mkazi uja. Midzi inkadutsa pazenera la basi, yofanana yokhayokha: chigayo, mjigo, mtengo wa mango, sukulu ya malata adzimbiri. Sindinkawerenga zaka.

Chilimwe china nyenje zinalira kwambiri. Mvula itagwa zonse zinakhala chete, koma imodzi inatsalira m'khutu langa la kumanzere. Ndinadikira sabata, kenako mwezi. Sinachoke.

Ndinapita ndekha kuchipatala m'tauni ina ya fumbi lofiira, nditamuuza Nangondo kuti ndikukafuna nsambo zatsopano. Dokotala anali mayi wachikulire. Anandiveka zomvera kumutu n'kundiuza kuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Ndinakweza kangapo. Kenako ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili pamwendo, ndipo nkhope ya mayiyo inandiuza kuti makina ake anali akulirabe.

"Lakumanzereli lapita, bambo," anatero. "Lakumanjali likutsatira pambuyo. Kuti lidzafika liti, sindingakuuzeni."

Nditabwerera, Nangondo anandifunsa za nsambo zija. Ndinati zatha m'sitolo. Ndinayamba kumuyendera kumanzere kwake kuti khutu labwinolo lizikhala mbali yake, ndipo pabasi ndinkathamangira mpando wa pazenera la kumanzere. Pochuna ndinkapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Nsambo zazikulu ndinkazimvabe bwino. Koma zing'onozing'ono zija, zolira mokwera, mkangano wake unayamba kundithawa. Ndinkapotoza chikhomo osadziwa ngati ndikuyanjanitsa kapena ndikukolezera.

Woimba kiyibodi wina ndiye anandiuza kuti kuli timakina tochunira, toti umangoona ndi maso. Kuyambira tsiku limenelo, tauni iliyonse imene tinkafika ndinkazemba n'kupita kumasitolo.

Sitolo yoyamba inali moyang'anana ndi chigayo. Munali kauntala ya galasi, m'kati mwake mawailesi, matochi, maloko, ndi ntchentche imodzi yakufa pakona. Wogulitsa anali bambo wonenepa, atavala chipewa m'nyumba. Nditafotokoza, anatulutsa kanthu konga pegi yoyanikira zovala.

"Aka ndiye kotchuka, akulu," anatero. "Mumangokapanitsa pagitala. Kakayaka kofiira, simunafike. Kakayaka kobiriwira, basi mwafika. Ngakhale gonthi angathe."

Anaseka. Inenso ndinaseka.

Masana ake tinali ndi ukwati pabwalo la sukulu. Ndinachunira kuseri kwa kalasi, nditabisa kapegiko ndi mpango. Nsambo yoyamba, kobiriwira. Yachiwiri, kobiriwira. Zonse khumi, ndi zopondera zomwe. Ndinapumira m'mwamba kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri. Akwati atalowa ndinayala mawu oyamba, Nangondo n'kutsegula pakamwa. Ndinamuona akutembenuka pang'ono kuyang'ana gitala, ngati munthu amene waponda mwala m'nsapato. Anaimba ndime imodzi akukankha mawu, yachiwiri anaidumpha, n'kumaliza nyimbo msanga. Anthu anaomba m'manja mwaulemu chabe.

"Lero gitala yanu inali ndi mchenga," anatero tikupakira.

"Ndi kutentha kumeneku," ndinayankha.

"Mwina ndi kutentha," anatero, n'kupitiriza kukulunga waya.

Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti kapegi kaja kankadziwa nsambo imodziimodzi, iliyonse pamalo pake a m'buku. Za kugwada kuja, kumene a Jelevaziyo anandiphunzitsa, sikankazidziwa. Nditakabweza, bambo wa chipewa uja anangotambasula manja.

"Kanayaka kobiriwira?"

"Kanayaka."

"Ndiye vuto si langa, akulu."

Tinakwera mapiri mpaka tauni ina imene nkhungu sinkachoka mpaka dzuwa litafika pamutu. Mvula inatitsekera kumeneko dzinja lonse, mlatho utakokoloka. Sitolo ya kumeneko inali ngati yomwe ija: kauntala ya galasi, matochi, maloko. Kungoti kuseri kwake kunali mayi wokonza mawotchi, dzina lawo mayi Esinala, atapana kagalasi m'diso limodzi. Popeza maukwati kunalibe, ndinkakhala nawo masana ndikuwagwirira timasikuluu ndi kapani. Anandiphunzitsa kutsegula wotchi osaipumira, ndi kuyala tizitsulo pansalu yoyera motsatana ndi mmene tachokera.

Iwo anali ndi kamakina kamene mphunzitsi wina wa kwaya anakasiya. Kanali ndi singano yoyenda pamizeremizere.

"Akaka sikangokuuzani kuti inde kapena ayi," anatero. "Kamakuuzani kuti mwatalikira bwanji. Ngati nsambo zanu zina zimafuna kukhala m'munsi pang'ono, ndi nkhani yaing'ono. Chunani kamodzi ndi khutu mmene mumafunira, muone pamene singano yaima, mulembe papepala. Tsiku lina muzingotsata pepalalo."

Ndinasangalala mpaka ndinawagwira chanza ndi manja awiri. Ndinabweretsa gitala m'sitolomo, n'kuiimika kuseri kwa chitseko. Ndinachuna ndi khutu, n'kulemba. Mawa lake ndinachunanso kuti nditsimikize, ndipo manambala anatuluka ena. Mkuja wake, enanso. Singanoyo nayo sinkakhazikika. Inkanjenjemera pakati pa mizere iwiri, ndipo ndikaponda chopondera, thupi lonse la gitala linkapindika pang'ono, nsambo zimene sindinazikhudze n'kutsika, singano n'kuyambanso kusakhazikika. Mapepala anadzaza thumba la malaya. Sindinkadziwa kuti loona ndi liti.

Tsiku lina ndinatembenuka n'kupeza mayi Esinala ataima kumanzere kwanga, atachotsa kagalasi kaja.

"Ndakuitanani katatu," anatero.

Ndinagwira khutu lakumanzere.

"Akazi anu akudziwa?"

"Ayi, mayi."

"Mukuona mawotchi onsewa? Palibe imene imadziikira yokha nthawi. Ndikamaliza kukonza ndimatsegula wailesi, ndimve kuti ikuti chiyani. Inu mukufuna kuika wotchi pofunsa wotchi yomweyo. Auzeni akazi anu, bambo. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Ndinavomera ndi mutu. Koma mlatho atakonza tinanyamuka ndisananene. Ndinkaopa kuti akadziwa adzandimvera chisoni, ndipo akayamba kundimvera chisoni adzasiya kutsamira mawu ake pa ine.

Tinatsikira kuchigwa, kutauni ya m'malire kumene malole ankafola mtunda wautali. Kumeneko abusa a Lufeyo, amene anatiitana ku chitsitsimutso, anandiona ndikuvutika ndi zikhomo dzuwa likuswa mtengo.

"Inu mukadali kale, achimwene," anatero. "Zonsezi masiku ano zili mufoni."

Anaika foni yawo pamwamba pa gitala. Ndinakhwatcha nsambo. Foni inaonetsa chilembo, kenako china, kenako china. Inkamva zonse: jenereta imene inkabangula kuseri kwa tenti, mbuzi yomangidwa pamtengo, amayi oyeserera nyimbo. Ndinasiya kukhwatcha, koma foniyo inapitiriza kundiuza kuti ndikweze. Inali ikuchuna jenereta.

Abusa anaseka mpaka misozi. Ine ndinayang'ana khamu limene linali litakhala kale paudzu.

Kuyambira pamenepo mbiri inayamba kutitsogolera m'misewu. Tikafika pamudzi, anthu ankakhala atamva kale kuti tebulo lija likudwala. Amene ankatiitana chaka ndi chaka anayamba kuitana a kiyibodi. Mawu a Nangondo anayamba kusasa, chifukwa ankangokhalira kukankha kuti akwirire zolakwa zanga. Pabasi kunkakhala chete kwa maola ambiri, ndipo sindinkadziwa ngati wasiya kundilankhula kapena ndine ndasiya kumumva.

Chodabwitsa, masiku ena gitala inkakhala bwino. Ndinkaona amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje ngati kale, ndipo ndinkadziuza kuti khutu labwerera. Mawa lake zinkaipanso. Chiyembekezo chimenecho chinkanditopetsa kuposa mantha.

Mumzinda waukulu tinafikamo nthawi ya masika. Wina anandilozera sitolo ya zoimbira imene inali pamwamba, yokwera ndi masitepe opapatiza. Ulendo umenewu sindinathe kuzemba, chifukwa tinalibe kosiya katundu. Nangondo anakhala pansi pa masitepe ndi zikwama, ine ndinakwera ndi bokosi.

Kauntala inali ya galasi. Kuseri kwake kunali bambo woonda wa imvi, a Fulaiwelo, amene pa unyamata wawo ankaimba m'mabandi. Ataona gitala ikutuluka m'bokosi anavula magalasi, n'kuisisita m'mbali ngati ng'ombe imene ankaidziwa kale. Sindinafotokoze zambiri. Anayala timakina titatu pagalasi: kapegi, ka singano, ndi kena kamene ndinali ndisanakaonepo.

"Awiriwa mwawayesa kale, nkhope yanu ikunena," anatero. "Tiyeni tikambe za aka."

Kanali kabokosi kokwana m'dzanja, kokhala ndi zenera. Anakalumikiza kugitala ndi waya.

"Choyamba, kamamva gitala yokha. Kunja kungagwe chiphaliwali, iko sikadziwa. Chachiwiri, onani."

Ndinakhwatcha nsambo. Pazenera panaoneka gudumu la timizere. Linkazungulira chakumanzere.

"Mwatsika. Kwezani."

Ndinapotoza. Gudumu linachepetsa liwiro, n'kuyamba kukwawa, kenako n'kuima nji. Kunali kunjenjemera komwe kuja, wawawa mpaka zii, koma tsopano ndikukuona ndi maso.

"Chachitatu ndiye chimene mwadzera," anatero a Fulaiwelo. "Muli zipinda m'katimu. M'zipinda zina anaikamo kale machunidwe a akatswiri akunja oimba gitala ngati yanuyi, nsambo zogwada zija ndi zopondera zomwe. Zipinda zina n'zopanda kanthu. Mutha kulowa m'nyumba ya munthu wina, kapena kumanga yanu. Mukamanga yanu, mumachuna ndi khutu, ine n'kudina apa, iko n'kusunga."

"Tiyeni tiyese za akatswirizo," ndinatero msanga.

Ndinachuna zonse motsata gudumu, n'kuimba ndime imodzi. A Fulaiwelo anagwedeza mutu mokhutira. Koma maso awo anali pakhomo. Nditatembenuka, Nangondo anali ataima pamenepo, chikwama chili m'manja.

"Zili bwino," anatero. "Mchenga mulibe. Koma si zathu. Ndikaimba pamenepo ndikhala ngati mlendo wovala nsapato zobwereka."

"Ndiye timange yanu," anatero a Fulaiwelo, n'kuzimitsa gudumu. "Chunani ndi khutu, bambo. Ine chala chili pabatani."

Ndinakhala pampando. Ndinapukuta manja pabuluku. Ndinakhwatcha nsambo ziwiri zing'onozing'ono, n'kupendeketsa mutu. Nyenje yokha. Ndinakhwatchanso mwamphamvu. Mawu ndinkawamva patali, ngati wailesi ya m'nyumba ya anansi, koma ngati zinkakangana kapena ayi, sindinadziwe. Dzanja linali pachikhomo, osayenda. Onse awiri ankandidikira.

"Nangondo," ndinatero, maso ali pansambo. "Ine sindikumva. Khutu lakumanzere linafa kalekale. Lakumanjali likupita."

Anaika chikwama pansi. Anazungulira kauntala n'kudzaima kumanja kwanga, pafupi.

"Ndinadziwa chaka cha fumbi lofiira chija," anatero. "Munthu wopita kukagula nsambo sabwera akununkha chipatala."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndimadikira mwini khutu. Masiku ena mukamaliza kuchuna n'kupita kukasamba m'manja, ndinkapotoza zikhomo mofulumira. Koma za kumapaziko ndinkaziopa, sindizidziwa. Ndipo si masiku onse amene munkachokapo."

Ndinakumbukira amayi opukuta misozi aja, ndipo manyazi anandigwira. A Fulaiwelo anatembenuka n'kuyamba kupukuta malipenga amene anali oyera kale.

Tinatha masana atatu kuchipinda chakuseri kwa sitoloyo. Ine ndinkakhwatcha nsambo ziwiriziwiri, Nangondo ataima kumanja kwanga maso ali chitsinzinire.

"Kwezani. Pang'ono. Mwapitirira, bwererani. Pang'ononso. Pomwepo!"

Akati pomwepo, a Fulaiwelo ankadina batani. Nthawi zina Nangondo ankayamba wang'ung'udza kaye, kuyesa ngati mawu ake akhazikika, kenako n'kupukusa mutu, tonse n'kuyambiranso. Nsambo yachisanu ndi chimodzi inatidyera theka la tsiku. Titafika kuzopondera, ndinamuphunzitsa zimene chilichonse chimachita, iye n'kumagwada pansi kuyang'ana tizitsulo tikukoka.

"Zaka zonsezi ndimayesa mumangopondaponda," anatero, ndipo tinaseka, koyamba kuchokera kumapiri a nkhungu kuja.

Titamaliza, a Fulaiwelo anafunsa dzina loti alembe pachipindacho. Malo anali a zilembo zinayi zokha. Analemba zoyambirira za dzina la mkazi wanga. Kamakinako sikanali kotchipa. Ndinasiya pomwepo gitala yanga yakale ya hauyani ndi jekete la ukwati m'malo mwa ndalama, iwo n'kuvomera. Akundiperekeza pamasitepe ananena chinthu china chokhudza mabatire, koma anali kumanzere kwanga, ndipo mumsewu munkadutsa lole. Ndinavomera ndi mutu monga ndinazolowera.

Kudepoti, Nangondo sanakhale pabenchi. Anaima patsogolo panga kuti ndizimuona pakamwa.

"Nanenso ndili ndi yanga," anatero. "Pakhosi panga patha. Ndikaimba nyimbo ziwiri ndimalavula magazi. Ndinkangodikira kuti mupeze chokugwirani dzanja. Ndikupita kwa akulu anga kumapiri a tiyi. Sikuti ndakusiyani ayi. Khomo mukulidziwa. Koma msewu ndatopa nawo."

"Ndiye nanenso ndipita komweko."

"Mukakatani? Mukakhala pakhonde miyezi iwiri mudzayamba kundida. Pitani mukaimbe khutu likadalipo."

Mabasi athu ananyamuka motsatana, lake patsogolo. Pamphambano lake linakhotera kumanja.

Ndinayenda ndekha nyengo zimene sindingaziwerenge. Tauni ya thonje, tauni ya mpunga, tauni ya njerwa zootcha. Ndikafika pamalo, ndinkaimika gitala, kulumikiza waya, kulowa m'chipinda cha zilembo zinayi, n'kuimitsa gudumu nsambo ndi nsambo. Woimba ndinalibe, choncho ndinkangoyala nyimbo, anthu eni ake n'kumaimba. Mbiri inayamba kusintha. Ankati tebulo lija lachira.

Koma mantha anangosamuka malo. Mawu a pamasitepe aja anayamba kundibwerera. Kodi a Fulaiwelo anati mukachotsa mabatire kamakinako sikaiwala, kapena anati kamaiwala? Ndinkayesa kukumbukira mmene milomo yawo inayendera, koma ndinali ndisanawayang'ane. Ndinayamba kukayatsa mwachangu n'kukazimitsa ngati munthu wosunga machesi omaliza. Ndinkakakulunga m'sokosi, n'kukaika m'thumba la m'kati, pachifuwa. Pabasi ndinkakagwira kawirikawiri. Ndikanatha kugula mabatire atsopano tsiku lililonse, koma kuti ndiwaike ndinayenera kuchotsa akalewo, ndipo zimenezo ndi zimene sindinkatha. Ndinaganizapo zolemba manambala ake papepala, koma kanalibe poonetsa manambala popanda kudina mabatani amene sindinkawadziwa, ndipo ndinkaopa kufufuta.

Tsiku linafika m'tauni ina yotentha, yokhala ndi migwalangwa m'mbali mwa msewu. Ukwati unali woti uyambe dzuwa likapendeka. Nditachuna nsambo zinayi, kachizindikiro ka pakona kanaphethira katatu, zenera n'kuti bii.

Ndinakhala pampandopo, kabokosi kali m'manja. Kenako ndinanyamuka n'kuwoloka msewu. Sitolo inali yomwe ija, kauntala ya galasi, matochi ndi maloko. Wogulitsa anali mayi wa mwana kumbuyo. Ndinaloza mabatire. Ndinatsegula kachitseko ka kuseri kwa kamakina, koma mabatire akalewo sindinayerekeze kuwakhudza. Mayiyo anandiyang'ana, n'kutambasula dzanja. Ndinamupatsa. Anachotsa akale aja ndi chikhadabo, ngati akuchotsa nthanga m'dzungu, n'kuika atsopano, n'kutseka. Anandibwezera.

Ndinadina. Zenera linayera. Ndinadina kachiwiri, kulowa kuzipinda. Mayina a akatswiri akunja anadutsa limodzilimodzi. Kenako zilembo zinayi zija, zili pomwepo.

Ndinatsamira kauntala. Mayi uja anandifunsa chinachake akumwetulira. Ndinatembenuzira khutu lakumanja kwa iye. Anabwereza. Ndinaona milomo ikuyenda, ndinaona mwana wa kumbuyo akulira, kukamwa kuli yasa. Ndinayang'ana kunja: njinga yamoto inkadutsa, tambala pamulu wa njerwa anali atatukula khosi. Zonsezo zinkachitika popanda phokoso. Sindikudziwa kuti khutulo linapita nthawi yanji, kaya m'mawa uja pabasi, kaya ndikuwoloka msewu. Maganizo onse anali pa mabatire.

Ndinabwerera kuukwati. Ndinaimitsa gudumu pansambo zisanu ndi imodzi zotsalazo, ndi pazopondera zonse. Akwati atalowa ndinaimba. Gitala ndinkaimva m'mawondo ndi m'mapazi, ikunjenjemera kudzera m'chitsulo. Ndinkayang'ana mizere ya pansi pa nsambo kuti kachitsulo kaime pamalo pake, ndi pakamwa pa mayi wina wa kutsogolo kuti ndidziwe pamene nyimbo yafika. Palibe amene anatembenuka modabwa. Bambo ake a mkwatibwi anavina mpaka nsapato inavuka.

Mawa lake kunali kwina kumene ankandiyembekezera. Sindinapiteko. Ndinalemba papepala dzina la kumapiri a tiyi, n'kumalionetsa kwa makondakitala, basi ndi basi, masiku awiri.

Nangondo ndinamupeza pabwalo akuyanika nyemba pamphasa. Anali atanenepa pang'ono. Atandiona anaimirira, n'kupukuta manja pachitenje, n'kuyamba kulankhula akubwera.

"Nangondo," ndinatero, osadziwa ngati ndikukuwa kapena ndikunong'ona. "Lachiwiri nalo lapita. Dzana. Ndabwera kudzakuuzani ndekha."

Anaima. Kenako anagwira dzanja langa n'kuliika pakhosi pake, n'kuyambanso kulankhula, pang'onopang'ono. Zimene ananena sindinazimve, koma zinali zambiri, ndipo sanandisiye dzanja mpaka atamaliza.